Mamita Atatu a Ulusi wa Galasi

Ntchito yanga yoyamba ku Durban inali yopukuta nsonga za ulusi wa galasi pa fakitale ina ku Pinetown. Ndinafika mu 2009, nditatsagana ndi achemwali anga aakulu, amene ankakwera basi miyezi iwiri iliyonse kudzaoda mabulangete, nsapato ndi mapoto zokagulitsa ku Limbe. Ine ndinali ndi pepala la zamagetsi la ku koleji ya ntchito zamanja, koma kwathu pepalalo linkangondithandiza kukonza mawailesi a anansi mwaulere. Achemwali anati, "Tiye ukaone kumene anzako akudyera." Anandipezera kachipinda ku Clermont, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu amene ankawasungira katundu.

Ulusi wa galasi, umene amisiri amangoti faiba, ndi woonda ngati tsitsi. Pakati penipeni pali kanjira kodutsa kuwala, ndipo ndi mmene mumayenda mauthenga a foni ndi intaneti. Pa fakitalepo tinkaudula, kuuveka timitu tolumikizira, n'kupukuta nsonga mpaka kusalala. Patatha chaka, kapitawo ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandiika pa makina olumikiza ulusi. Umasenda khungu la ulusiwo, kuupukuta ndi sipiriti, kuudula ndi kampeni kake, kenako n'kuika nsonga ziwiri m'makina. Makinawo amaziyang'anitsa, n'kuponya kamphezi kakang'ono kosungunula galasi, maulusi awiri aja n'kukhala umodzi. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka ziwiri, mpaka zala zanga zinkadziwa zokha pamene nsonga yadulidwa mokhota ndisanayang'ane n'komwe.

Kumayambiriro kwa 2012 kunabwera bambo wina wachikulire wachimwenye, wa imvi mutu wonse, atanyamula zingwe ziwiri zimene anali atabweza kale kawiri. Ankafuna nsonga zopukutidwa mopendekera pang'ono, ndipo ankati zimene tinawapatsa zinali ndi tizikanda. Kapitawo atatopa nawo, anandiitana ine. Ndinazipukuta iwo ataimirira pambali panga. Anaika diso pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chingerezi kumene ndinaphunzira ntchito. Ndinawauza. Anandifunsanso ngati ndimadziwa kuwerenga chithunzi cha mawaya a magetsi. Ndinati eya. Anali pulofesa wa sayansi ya kuwala pa yunivesite ina mumzindamo. Patapita miyezi itatu ndinali mmisiri wa mu labu yawo, mapepala anga ogwirira ntchito atandithandiza kukonza okha.

Labuyo inali chipinda chopanda zenera, chozizira ngati mochare, moti ndinkavala juzi ngakhale mu Januwale kunja kukutentha. Pakati panali tebulo lalikulu lachitsulo lokhala ndi timabowo mizeremizere. Munthu amene ndinamupeza mmenemo anali mwamuna wachizulu wa ku Umlazi, wamtali, wa msinkhu wanga womwe, amene ankachita digiri ya udokotala wa sayansi. Ankanditchula kuti sisi mwaulemu ndithu, koma sankafuna kuti ndikhudze kanthu pa tebulo lake. A Pulofesa atamuuza kuti andifotokozere ntchito yathu, anadzaza bolodi lonse ndi masamu, n'kundifunsa ngati ndamva, m'kalankhulidwe ka kumeneko, "Shapu?" Ndinati shapu, chikhalirecho sindinatolepo kanthu.

Anadzandimasulira ndi a Pulofesa eniake, pa nthawi ya tiyi, akujambula pa kapepala kopukutira pakamwa. Tinali ndi leza, kachipangizo kotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha. Mawu amenewa ankandiseketsa masiku oyamba, poti kwathu Leza ndi dzina la Mulungu, ndipo utawaleza ndi uta wake. Kuwala kwa leza yathuyo sikuoneka ndi maso. Tinkakusaka ndi kakhadi kamene kamayaka kukagwerapo. Koma tinali ndi makina osankhula mitundu ya kuwala, ndipo pa sikirini yake leza inkaoneka ngati mzere umodzi woimirira.

"Tsopano mzere umodziwu tikufuna ubereke," anatero a Pulofesa.

Kuwalako tinkakudutsitsa m'kabokosi kachitsulo kotalika ngati cholembera, kotchedwa modyuleta. Mkati mwake muli kamwala koonekera. Ukakagwedeza kamwalako ndi mafunde a magetsi maulendo mabiliyoni khumi pa sekondi imodzi, kuwala kumatuluka kutabereka mizere ina uku ndi uku, yotalikirana mofanana ndendende ngati mano a chipeso. N'chifukwa chake ankachitcha chipeso cha kuwala. Mpata wa pakati pa manowo umadalira mafunde a magetsi aja, amene munthu angathe kuwawerenga mosalakwitsa. Choncho chipesocho chimasanduka rula: ukakhala ndi kuwala kosadziwika, umakuika pambali pake n'kuona dzino limene kwayandikira.

Tinali ndi mamodyuleta atatu otsatizana. Awiri ankagwedeza kuwala, imodzi inkakuduladula kukhala tizidutswa. Onse pamodzi ankatipatsa mano pafupifupi makumi atatu. A Pulofesa ankafuna mazana. Kuti zitero, tizidutswa tija tinkayenera kudutsa m'ulusi wamba wautali kuti tifupike n'kuthinana, kenako mu ampulifaya yowonjezera mphamvu, ndipo pomaliza m'ulusi wina wapadera umene kanjira kake n'kopapatiza kwambiri. Kuwala kwamphamvu kukapanikizika mmenemo, galasi limasiya kungokhala njira. Limayamba kusakaniza mitundu, mano n'kumabereka mano anzake mpaka chipeso chitatambasuka.

Ulusi wapaderawo tinaudikira miyezi isanu ndi itatu kuchokera kutsidya kwa nyanja. Unafika mu 2013, mamita zana okha, utakulungidwa pa bobini yaikulu ngati mbale. A Pulofesa anautsegula okha ngati akulandira khanda. Unabwera wopanda timitu, choncho inali ntchito yanga kuulumikiza ndi ulusi wamba kumayambiriro ndi kumapeto. Ndinachita monga ndinkachitira ku Pinetown: kuika nsonga, kudina batani, makina n'kuchita zawo. Kunja mfundo inkaoneka bwinobwino. Koma titayeza, gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala linkatayika pa mfundo iliyonse. Kanjira ka ulusi wamba n'kotakata, ka wapaderawo n'kopapatiza. Zinali ngati kuthira madzi a m'ndowa m'botolo wopanda fanelo. Ndinabwerezanso kawiri, osasintha. Mnzanga wa ku Umlazi anati zilibe kanthu, ampulifaya ili ndi mphamvu zokwanira kubwezera zotayikazo.

Mano anafika makumi asanu, asanu ndi limodzi, n'kuima pomwepo. Sabata iliyonse iye ankakwezako mphamvu pang'ono.

Tsiku lina Lachiwiri masana, titangobwera kodya, tinavala magalasi otchinjiriza maso ndipo iye anakweza ampulifaya kupitirira pamene tinkafika masiku onse. Ine ndinali kumapeto kwa tebulo. Ndinaona kamoto koyera, kakang'ono ngati kambewu ka mapira, kakuyaka pa kamutu kolumikizira kakumapeto. Sikanazime. Kanayamba kuyenda m'kati mwa ulusi chobwerera m'mbuyo, kanadutsa mfundo yanga, kanalowa pa bobini, n'kuyamba kuzungulira ngati chiphaniphani chotsekeredwa m'botolo. Tonse awiri tinangoti kakasi. Kanali kokongola, ndisaname. Kenako mutu unabwerera.

"Mayo ine! Zimitsa! Zimitsa!"

Ndinakuwa m'Chichewa, chilankhulo chimene ndinali ndisanachilankhulepo pamalo amenewo, poti kunja kwa kachipinda kanga ndinkachibisa monga ankachitira Amalawi ambiri. Iye sanamve, anangondiyang'ana. Ndinadumpha mpando n'kumenya ndekha batani lofiira lozimitsira zonse. Kamoto kanazima.

Pa maikulosikopu, kanjira ka ulusi kanali katasanduka mzere wa timabowo, ngati mikanda yotungidwa. Ndinadula mita, n'kuyang'ana: mikanda. Mita ina: mikanda. Ndinafika mamita khumi ndi anayi ndisanapeze galasi labwino.

A Pulofesa atabwera anagwira ulusi wowonongekawo m'manja. Anati kamoto kotero kamayamba kafumbi kakapsa pa nsonga, pomwe mphamvu ili yambiri. Kenako anafunsa, "Kamutu aka anakatsuka komaliza ndi ndani?"

Kutsuka timitu inali ntchito yanga ya m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa umenewo ndinali nditakatsuka. Koma tisanapite kodya, mnzangayo anakazula kuti ayeze mphamvu, n'kukagoneka pa tebulo, n'kukabwezera osapukuta. Ndinamuona. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pansi. Ndinaganiza za mapepala anga, amene ankadalira ntchito imeneyi. Ndinati, "Ndine ndimatsuka, a Pulofesa." Sanakalipe. Anangoti tipite kunyumba, tikambirana mawa. Bola akanakalipa.

Sabata imeneyo achemwali anali atabwera. Ndinawapeza pakhonde ku Clermont akupanikiza mabulangete m'chikwama chachikulu ndi bondo. Ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye ukufuna ukamunene?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, achemwali."

"Iwe, kuno si kwanu. Mlandu wa mlendo ndi mwini mudzi umagwera mlendo. Khala chete. Akakuchotsa, kapitawo wako uja wa ku Pinetown akulandiranso, ankakukonda."

"Koma mfundo zija ndi zanga. Zikanakhala zabwino, iye sakanakweza mphamvu choncho."

Anasiya chikwama n'kundiyang'ana. "Ndiye vuto lako si mlandu ayi. Vuto lako n'lakuti ntchito yakukanika. Unali wotero kuyambira uli mwana. Gwira zipi uku ndikoke."

M'mawa mwake nditafika ndinapeza mnzanga uja ali kale mu ofesi ya a Pulofesa, atakhala kunsonga kwa mpando. A Pulofesa anandiitana kuti ndilowe. Mnzangayo ananena ine ndikumva kuti kamutu kaja anazula ndi iye, sanapukute, ndipo dzulo anachita mantha. Anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chizulu kuti ndimukhululukire, sisi. A Pulofesa anavula magalasi n'kupukuta maso. Anati anali atazindikira kale, chifukwa chaka chonse sanapezepo kamutu kakuda kochoka m'manja mwanga. Ankangodikira kuti aone ngati wophunzira wawo ndi munthu woti angakhulupirire manambala ake.

Mtima utakhala pansi, ndinapempha chinthu chimene ndinaganiza m'takisi.

"A Pulofesa, ndipatseni mamita atatu a ulusi wabwinowo."

"Tinataya khumi ndi anayi dzulo, lero ukufuna ena atatu?"

"Ndikufuna ndiphunzire kuulumikiza. Kuyesa kamodzi kumadya masentimita atatu. Mamita atatu andipatsa maulendo zana."

"Ukalephera maulendo zana onsewo?"

"Ndiye mudzadziwa kuti sizitheka ndi makina athuwa."

Anagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako anatenga tepi n'kukayeza okha mamita atatuwo, osawonjezera ngakhale chala.

Ndinali ndi kanthu kamodzi kokha m'mutu. Ku Pinetown ndinkaona kuti mfundo yosakhala bwino ukaiwombanso kamphezi kachiwiri, nthawi zina inkakhala bwino, koma kachitatu inkaipa. Sindinkadziwa chifukwa chake. Nditamuuza mnzangayo, anathamangira ku bolodi. Ulendo uno sanalembe masamu. Anajambula njira ziwiri, yotakata ndi yopapatiza. Anati kanjira ka ulusi wapadera kamapangidwa ndi mankhwala ena osakaniza m'galasi, ndipo galasi likatenthedwa pang'onopang'ono, mankhwalawo amafalikira m'mbali, kanjira n'kutakasuka. Tikanatha kukatakasa pa mfundo pokha mpaka kafanane ndi kanzake, tikanakhala tapanga fanelo m'kati mwa galasi lenilenilo.

Tinazimitsa nzeru za makina n'kuyamba kuwalamula tokha. Tinkalowetsa kuwala kofooka mbali imodzi, mita yoyezera mbali inayo. Ine ndinkasenda, kudula, kuyang'anitsa nsonga ndi zala zanga, n'kumaponya kamphezi kofooka kambirimbiri. Iye ankawerenga nambala mokweza n'kumalemba m'kope. "Ikukwera, sisi. Ikukwera. Inanso. Eish, yatsika." Ikatsika ndiye kuti tapyola, ndipo kubwerera kulibe. Ndinkadula, n'kutaya masentimita atatu m'kabotolo, n'kuyambiranso.

Masabata atatu anatha choncho. Munthu amene sankafuna kuti ndikhudze tebulo lake tsopano ankandibweretsera tiyi kuti ndisadzuke pampando. Anandiuza kuti mayi ake amagulitsa nyama yootcha pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo amauza makasitomala kuti mwana wawo akuphunzira udokotala, moti ena ankamubweretsera makadi a kuchipatala kuti awawerengere. Ine ndinamuphunzitsa mawu akuti zimitsa, kuti tsiku lina asadzangondiyang'ananso.

Pa ulendo wa makumi asanu ndi limodzi ndi kanayi, nambala inakwera n'kupitirira pamene sinafikepo. Iye anati ndiwombenso. Ndinakana. Pa sikirini ya makina, mthunzi wa kanjira kopapatiza unali utatakasuka mofanana ndi unzake, ndipo china chake m'zala chinandiuza kuti basi. Titawerengetsa, pa magawo makumi awiri a kuwala linkatayika limodzi lokha. Mnzangayo anavina kuzungulira tebulo.

Mawa lake zinakana. Mkuja zinakananso. Masiku anayi ndinkachita zomwezomwezo monga zinalembedwa m'kope, koma mfundo zinkatuluka zoipa, ndipo ulusi unkafupika ndikuona. Ndinayamba kuganiza kuti unali mwayi chabe. Tsiku lachisanu ndinafika m'mawa kwambiri n'kupeza galasi la chitseko lili ndi mame. Ndinakumbukira kuti sabata imeneyo makina oziziritsa chipinda ankazima okha, ndipo mpweya wonyowa wa ku Durban unkalowa. Kamphezi sikatentha mofanana mumpweya wonyowa ndi wouma. Ndinatsuka timisomali toponya kamphezi, ndinadikira chipinda chiume, ndipo ndisanakhudze ulusi wapadera ndinayamba ndayesa kutentha kwa kamphezi pa ulusi wamba, umene tinali nawo wochuluka. Mfundo yoyamba inakhala. Yachiwiri inakhala. Yachitatu inakhalanso. Pa mamita atatu aja panatsala kachidutswa kosakwana mkono.

Tsiku lolumikiza bobini yeniyeni linali Lachinayi m'mawa. A Pulofesa anati sabwera kudzandiimirira pamutu, akakhala mu ofesi. Tinali titagwirizana kuti paliponse podutsa kuwala kwamphamvu pasakhalenso kamutu kozula, zonse zikhale mfundo zosungunula. Ndinalumikiza kumayambiriro, kenako kumapeto. Thukuta linkayenderera kumsana m'chipinda chozizira chija. Nditamaliza ndinaveka mfundo zonse timachubu totetezera, n'kuzimata pa tebulo ndi tepi.

Tinavala magalasi. Iye anagwira chokwezera mphamvu, ine chala changa chili pa batani lofiira. Pa sikirini panali mano makumi atatu a masiku onse. Anakweza pang'ono. M'mbali munayamba kumera timano tating'ono ngati chimanga chikamatuluka m'nthaka. Anakwezanso. Timano tija tinakula, kuseri kwake kukumera tina. Tinadutsa makumi asanu ndi limodzi ampulifaya isanafike n'komwe pakati pa mphamvu zake. Chipeso chinadzaza sikirini mpaka kusefukira, moti anachita kuchepetsa chithunzi kuti chonse chioneke. Anakwezanso, chinasefukiranso, anachepetsanso. Anasiya kukweza mphamvu ikadali patali ndithu ndi pamene panabukira kamoto tsiku lija.

"Werenga iwe, sisi. Ine maso akundivuta."

Ndinayamba kumanzere, ndikukulitsa chigawo chimodzi chimodzi n'kumaloza ndi pensulo. Ndinawerenga m'Chichewa chamumtima mpaka khumi, n'kumaika kamzere papepala. Timizere tinadutsa makumi atatu. Mano oposa mazana atatu, onse otalikirana mofanana, ochokera ku mzere umodzi uja.

Anathamanga kukaitana a Pulofesa. Iwo analowa, anavala magalasi otchinjiriza pamwamba pa awo, n'kuima kutsogolo kwa sikirini manja ali kumbuyo. Anati tizimitse zonse. Tinazimitsa. Anati tiyatsenso. Chipeso chinabwerera chimodzimodzi. Anazula waya wa mafunde a magetsi ku modyuleta, mano onse n'kuzimiririka, kutsala mzere umodzi. Atabwezera, onse anabwerera. Apo ndi pamene anatembenuka. Sanapite kwa wophunzira wawo poyamba. Anabwera kwa ine, n'kugwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri monga timachitira kwathu polonjera akuluakulu, n'kunena kuti pa zaka zonse zimene agwira ntchito ndi ulusi wa galasi sanaonepo mfundo yotero itapangidwa ndi makina akale ngati athuwo. Mawa lake anabwera ndi mbale ya masamusa ochokera kwa akazi awo, yanga yosiyana ndi ya ena.

Achemwali atabwera ulendo wotsatira ndinawatengera ku labu. Anavula nsapato pakhomo popanda wowauza. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine.

"Ndi zimenezi basi? Timizere timeneti n'timene unkaondera?"

"N'timeneti, achemwali."

"Nanga mfundo yakoyo ili pati?"

Ndinawaonetsa kachubu kaja. Anawerama, anafinya maso, anati sakuona polumikiza. Ndinati ndiye ubwino wake. Anagwedeza mutu n'kunena kuti telala amene msoko wake suoneka ndiye telala. Ndinadzamva kwa anthu ena kuti m'basi yonse yobwerera ku Malawi ankauza aliyense kuti mng'ono wawo amasoka galasi pa yunivesite.

Miyezi yotsatira tinagwiritsa ntchito chipesocho. Tinadzaza kachubu ka galasi ndi gasi amene amisiri amawotcherera zitsulo, n'kudutsitsa kuwala kwathu mmenemo. Gasi aliyense amameza mitundu yakeyake ya kuwala. Pa sikirini mano ena anafupika, apa ndi apo, pamalo enieni amene mabuku amanena kuti gasi ameneyo amameza. Kunali koyamba kuona rula yathu ikuyeza chinthu chenicheni. Polemba pepala lofalitsa zimene tinapeza, a Pulofesa anaika dzina langa pamalo achitatu pamzere wa olemba. Ndinati ine ndilibe digiri, angondithokoza kumapeto. Anati gawo lonse lofotokoza kalumikizidwe linachokera m'kope lathu lija, ndipo wina akadzafunsa funso pa gawo limenelo, iwo sangathe kuyankha. Pepalalo litatuluka ndinalisindikiza kawiri. Lina ndinatumiza kwa bambo ku Thyolo, amene sawerenga Chingerezi, koma analiika mu pulasitiki n'kulisunga pamodzi ndi mapepala a munda.

Mnzanga anamaliza digiri yake, ndipo mwambo wolandira unali mu Epulo 2015. Inali nthawi yoipa kwa ife alendo. Ku Isipingo anthu ochokera kumaiko ena anali atathamangitsidwa m'mashopu ndi m'nyumba zawo, ndipo Amalawi ambiri amene ndinkawadziwa anali m'matenti kudikira mabasi obwerera kwathu. Achemwali anasiya ulendo wawo mwezi umenewo. Ine ndinakhala masiku asanu osatuluka pageti. Mayi mwini nyumba ankandigulira buledi, ndipo wina akafunsa ankati ndine mwana wa mchemwali wawo. Ndinamutumizira mnzanga uthenga womuyamikira, n'kumuuza kuti sinditha kubwera.

M'mawa wa tsikulo ndinamva hutala pageti. Anali iye, atavala suti, atabwereka galimoto ya amalume ake. Kutsogolo kunakhala mayi wonenepa wovala chipewa chachizulu chotambalala ndi mikanda m'khosi. Anatsitsa galasi n'kufuula m'Chizulu, msewu wonse ukumva:

"Ali kuti wa ku Malawi uja? Wa manja uja?"

Anthu awiri atatu anatembenuka. Mayiwo anatsika, anandigwira pamkono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga anandiuza zonse, ndi za moto uja zomwe. Kavale. Lero ukhala pambali panga, ndione amene akukhudze."

Ndinavala diresi la chitenje limene ndinali nditalibisa pansi pa sutikesi. Muholo anandikhazika pakati pa iwo ndi mchemwali wawo. A Pulofesa anali kutsogolo atavala mkanjo wofiira. Woitana mayina atafika pa mnzanga, anawerenga mutu wa ntchito yake, mawu aatali a Chingerezi onena za chipeso chathu. Mayi ake anaimirira n'kuyamba kululuta, akutchula mayina a makolo a mtundu wawo. Kenako anandikoka dzanja.

"Imirira! Kwanu simululuta?"

Ndinaimirira. Ndinaimba nthungululu ya kwathu ku Thyolo, yaitali, dzanja lili pakamwa, mpaka anthu a mizere ya kutsogolo anatembenuka n'kuomba m'manja. Mnzanga ali pa nsanja anatiyang'ana n'kuseka, woveka chipewa akumudikira.

Anandibweza ku Clermont dzuwa lisanalowe, nditanyamula mbale ya nyama yokulunga m'pepala. Ndisanavule nsapato foni inalira. Anali achemwali, akuimba kuchokera ku Limbe monga ankachitira tsiku lililonse sabata imeneyo.

"Iwe, mawu ako atani? Asasa chonchi bwanji? Anakuthamangitsa?"

"Ayi, achemwali. Ndinali kululuta."

"Kululuta? Anzako akuthawa, iwe ukululuta? Ukwati wa ndani?"

Ndinakhala pabedi n'kuyamba kuwafotokozera, koma ndisanafike pakati mayunitsi awo anatha.